Tifunseni: Mawu oyenera polemba malangizo oti webusaiti ikhale ya aliyense

Makalata a mwezi uno achokera kwa anthu amene apatsidwa ntchito yolemba kapena kumasulira malangizo oti masamba a pa intaneti azigwiritsidwa ntchito ndi aliyense, kuphatikizapo anthu osaona, a vuto la kumva, ovutika kugwira zinthu ndi manja ndiponso ovutika kuwerenga. Ambiri akutchula WCAG. Amenewa ndi malangizo a kufikirika kwa masamba a pa intaneti ochokera ku W3C, bungwe lokhazikitsa miyezo ya mawebusaiti, limene Tim Berners-Lee adayambitsa mu 1994. WCAG yoyamba idatuluka mu 1999, ya 2.0 mu 2008, ya 2.1 mu 2018, ndipo ya 2.2 mu Okutobala 2023. Mfundo zake zili ndi manambala, monga 2.4.4, ndipo zili m'magawo atatu: A ndi poyambira, AA ndi imene malamulo a mayiko ambiri amafuna, AAA ndi yapamwamba kwambiri. Tizitchula manambalawa kuti mukadzionere nokha.

FUNSO: Akonzi, ndine mlembi pa bungwe lina lothandiza alimi. Abwana andipatsa malangizo a Chingerezi kuti ndiwaike m'Chichewa. Muli mawu akuti must, should ndi may. Nditamaliza ndapeza kuti awiri oyambawo onse ndalemba "ayenera". Kodi pali vuto? Mlembi, Lilongwe

YANKHO: Zikomo a mlembi, mwachita bwino kukayika. Vuto lilipo, ndipo ndi lalikulu. M'zikalata za luso la intaneti mawu atatuwa ali ndi matanthauzo amene adakhazikitsidwa mu 1997 m'chikalata chotchedwa RFC 2119. Must ndi lamulo: mukapanda kuchita, mwalephera. Should ndi chinthu choti muchite pokhapokha pali chifukwa chomveka chosiyira, ndipo chifukwacho muchilingalire mofatsa musanasiye. May ndi chilolezo chabe, kuchita kapena kusachita zonse zili bwino. Mu 2017 chikalata china, RFC 8174, chidaonjeza kuti mawuwa amakhala ndi mphamvu imeneyi akalembedwa m'zilembo zazikulu.

Mawu athu akuti "ayenera" amanyamula must ndi should pamodzi. Mmisiri wokonza webusaiti akawerenga sadziwa chimene angasiye tsiku la ntchito likamuthera, ndipo woyesa ntchitoyo sadziwa pomulepheretsa. Nawonso mawu akuti "angathe" amasokoneza, chifukwa amanena za chilolezo komanso za luso. "Mlembi angathe kuika kanema" akutanthauza kuti waloledwa, kapena kuti amadziwa kaikidwe kake?

Chitani chonchi. Pa tsamba loyamba lembani kandime kofotokoza mawu anu, ndipo musawasinthenso mpaka kumapeto. Ife timakonda awa: "n'lamulo kuti" pa must, "n'koletsedwa" pa must not, "tikulimbikitsa kuti" pa should, ndi "n'kololedwa" pa may. Mukhoza kusankha ena, bola liwu limodzi likhale ndi ntchito imodzi. Mukatero fufuzani m'chikalata chonse paliponse pamene patsala "ayenera", ndipo pamalo aliwonse dzifunseni ngati ndi lamulo kapena chilimbikitso.

Palinso china chimene omasulira ambiri amachiphonya. Mfundo za WCAG zidalembedwa kuti munthu athe kuziyesa, n'kunena kuti zakwaniritsidwa kapena ayi. Mfundo 1.4.3 sinena kuti "zilembo zizioneka bwino". Imanena kuti kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo ndi mtundu wa kumbuyo kwake kusachepere 4.5:1, ndipo pa zilembo zikuluzikulu kusachepere 3:1. Imafotokozanso kuti zikuluzikulu ndi za saizi 18 kupita m'mwamba, kapena 14 zikakhala zonenepa. Mukamamasulira, manambalawo asatayike. Mukamalemba malangizo anuanu, samalani ndi mawu ngati "bwino", "mokwanira", "mwamsanga" ndi "ngati n'kotheka". Amamveka aulemu koma palibe angawayese. Njira yodziwira ndi yapafupi: perekani chiganizocho kwa anthu awiri, aliyense payekha, pamodzi ndi tsamba limodzi lomwelo. Wina akati lakhoza, wina n'kuti lalephera, cholakwika ndi chiganizo chanu.

Musasakanizenso lamulo ndi chitsanzo m'ndime imodzi. WCAG imasiyanitsa mbali zomangiriza ndi zongofotokozera, ndipo zikalata zake zothandizira kumvetsa komanso zopereka njira zochitira si malamulo. Inunso yambani ndi lamulo, kenako mzere watsopano woyamba ndi mawu akuti "Chitsanzo". Manambala a mfundo musawasinthe, ndipo pamwamba lembani kuti chikalatachi mwachimasulira ndinu, pakabuka kusiyana chotsatidwa ndi cha Chingerezi. W3C ili ndi ndondomeko yakeyake yovomerezera zomasulira, choncho musalembe kuti "chovomerezeka" musanadutse m'ndondomekoyo.

FUNSO: Liwu lakuti accessibility tingalinene bwanji m'Chichewa? Ine ndalemba "kupezeka". Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, "kupezeka" kukunena zina. Webusaiti ikhoza kupezeka usana ndi usiku koma munthu wosaona n'kulephera kudzaza fomu yake, monga momwe ofesi ya pansanjika imapezekera pamene woyenda pa njinga ya olumala alibe pokwerera. "Kufikirika" kuli pafupi, ndipo anthu amakumva. Komabe pamalo oyamba lifotokozeni ndi chiganizo chathunthu: webusaiti yofikirika ndi imene munthu waulumali angathe kuimva kapena kuiona, kuiyendetsa ndi kuimvetsa payekha, ndi zipangizo zimene amagwiritsa ntchito. Mawu akuti "payekha" musawasiye. Tsamba limene munthu amadutsamo pokhapokha mwana wake amuwerengere silinafikirike.

FUNSO: Bambo mkonzi, m'komiti yathu tatsutsana. Ena akuti tilembe "olumala", ena "aulumali", ena "a mavuto osiyanasiyana". Mayi wina wati liwu lakuti "akhungu" n'lonyoza, koma ife takula tikulimva kutchalitchi. Tilembe chiyani? Wapampando wa komiti, Mulanje

YANKHO: A wapampando, mkangano wanu uli ponseponse. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene lidavomerezedwa mu 2006 ndipo Malawi idadzimangirira kulitsata mu 2009, limaika munthu patsogolo, ulumali pambuyo. Ku Britain anthu ambiri aulumali amakonda kutchula ulumaliwo poyamba, ponena kuti chowalumalitsa ndi zotchinga zimene dziko lawaikira. Choncho ngakhale m'Chingerezi mulibe yankho limodzi. M'Chichewa nkhani ya choyamba ndi chachiwiri sivuta, chifukwa timayamba kale ndi "munthu" kapena "anthu". Vuto lathu lili pa kulisiya liwu limenelo. "Anthu aulumali" ndi mawu amene mabungwe ndi mawayilesi akugwiritsa ntchito masiku ano, ndipo ife tikadasankha amenewo. "A mavuto osiyanasiyana" n'kuzungulira, owerenga sadziwa mukunena yani.

Tamverani mmene chilankhulo chimachitira pachokha. Mukati "chilema", chiganizo chonse chimatsatira: chilema chija chabwera, chikufuna thandizo. Munthu walowa m'gulu la chitseko ndi chikho. Mukati "munthu waulumali", chiganizo chimati wabwera, akufuna. Mawu ngati "mbewewe", "gonthi", "napweri" ndi "mzungudala" asapezeke m'chikalata chanu, ngakhale pa chitsanzo cha zosayenera, chifukwa pulogalamu yowerengera anthu osaona idzawatchula mokweza m'khutu mwa mwini wake. Musamatchulenso anthu ena kuti "abwinobwino" kapena "alungalunga", chifukwa mukatero mwanena kuti enawo si abwino. Lembani "anthu opanda ulumali".

Pa "akhungu", liwulo ndi lakale ndipo si aliyense amene amalimva ngati chipongwe, koma "anthu osaona" ndi lomveka ndipo silikhumudwitsa. Lili ndi ubwino winanso. Polemba, khungu la m'maso ndi khungu la pathupi zimafanana, zimangosiyana pa kakwezedwe ka mawu, moti "anthu akhungu" ndi "anthu a khungu la chialubino" zikayandikana m'ndime zimasokoneza. "Osamva" nalo lili ndi msampha wake, pakuti mwana wosamva ndi mwana wamwano. N'chifukwa chake ambiri amati "anthu a vuto la kumva". Musazolowere kuonjezera "ndi osalankhula". Ambiri mwa iwo ali ndi chinenero chamanja, chimene ndi chilankhulo chathunthu.

Siyanitsani osaoneratu ndi oona movutikira, chifukwa zosowa zawo n'zosiyana. Woyamba amamva tsamba kudzera m'pulogalamu yowerenga mokweza, kapena amaligwira ndi zala pa chipangizo cha Braille. Wachiwiri amakulitsa zilembo, ndipo mfundo 1.4.4 imafuna kuti zikulitsidwe mpaka 200 peresenti popanda mawu kudulidwa kapena batani kubisika. Anthu ambiri achialubino ali m'gulu lachiwirili. M'malangizo a ntchito, kawirikawiri chothandiza n'kutchula zimene munthu amachita. "Anthu oyendetsa tsamba ndi kiyibodi yokha" akuphatikiza wosaona, wonjenjemera manja ndi wothyoka mkono, ndipo mmisiri akawerenga amadziwa choti akonze.

Pomaliza pake eni mawuwa alipo. Safunsa adadya phula. Musanasindikize, tumizani mndandanda wa mawu anu ku mabungwe a eni ake, monga FEDOMA yoimira mabungwe a anthu aulumali, Malawi Union of the Blind ya anthu osaona, MANAD ya anthu a vuto la kumva ndi APAM ya anthu achialubino. Akakuuzani zosiyana ndi zimene talemba pano, tsatirani zawo.

FUNSO: Mnzanga wandiuza kuti ndichotse "dinani apa" pa webusaiti ya sukulu yathu. Koma aliyense amalemba choncho, ndipo makolo amamva. Cholakwika n'chiyani? Woyang'anira makompyuta, Mzuzu

YANKHO: Achimwene, yesani kumva tsambalo m'malo moliona. Munthu wogwiritsa ntchito NVDA kapena JAWS, mapulogalamu owerengera anthu osaona mokweza, sawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Akadina mabatani a Insert ndi F7 pamodzi, pulogalamuyo imamusonkhanitsira malinki onse a tsambalo pa mndandanda umodzi, opanda ziganizo zozungulira. Ngati tsamba lanu lili ndi malinki asanu ndi awiri, amamva izi: dinani apa, dinani apa, werengani zambiri, dinani apa, apa, werengani zambiri, dinani apa. Fomu yofunsira malo ili pati pamenepo? Ayenera kutsegula iliyonse, bandulo ikutha.

Mfundo 2.4.4, ya gawo A, imalola kuti cholinga cha linki chidziwike kuchokera m'chiganizo chimene ilimo, choncho "dinani apa" sikuti nthawi zonse ndi kuphwanya lamulo. Mfundo 2.4.9, ya gawo AAA, ndiyo imafuna kuti linki izidziwika payokha. Ife tikuti tsatirani yachiwiriyi ngakhale simukukakamizidwa, chifukwa siilira ndalama. M'malo mwa "Kuti mupeze fomu yofunsira malo, dinani apa", ikani linki pa mawu akuti "Fomu yofunsira malo a Fomu 1, PDF, masamba 3". Liwu lofunika likhale koyambirira, popeza womvera amadumpha akangomva mawu awiri oyamba. Malinki awiri opita kosiyana asakhale ndi mawu ofanana. Adiresi yaitali ya intaneti musaiike ngati mawu a linki, chifukwa imatchulidwa chilembo ndi chizindikiro chimodzichimodzi.

Liwu lakuti "dinani" palokha silipweteka munthu, ndipo anthu osaona nawonso amalinena. Koma m'malangizo olembera amisiri, "sankhani" kapena "tsegulani" n'labwino, chifukwa limakumbutsa kuti ena alibe mausi, amayenda ndi batani la Tab kapena amalamula kompyuta ndi mawu.

Pamene mukukonza malinkiwo, yang'ananinso ziganizo ngati "dinani batani lobiriwira kumanja". Mfundo 1.3.3 imakana malangizo odalira maonekedwe, kukula kapena malo okha, ndipo 1.4.1 imakana kudalira mtundu wokha. Pa foni batani lija silikhalanso kumanja, limatsikira pansi. Litchuleni ndi dzina lolembedwapo: "sankhani batani la Tumizani". Mukafuna kuonjezera kuti ndi lobiriwira, onjezerani, bola dzina likhalepo.

FUNSO: Akonzi, mawu ofotokozera chithunzi, aja amati alt, azikhala aatali bwanji? Ena akuti asapitirire zilembo 125. Ndipo kodi ndiyambe ndi "chithunzi cha"? Mtolankhani wophunzira, Blantyre

YANKHO: Achemwali, mu WCAG mulibe malire a zilembo 125. Ndi chizolowezi chabe chimene anthu amapatsirana. Mfundo 1.1.1 imangofuna kuti mawuwo agwire ntchito imene chithunzicho chikugwira. Chiganizo chimodzi kapena ziwiri zimakwana pa zithunzi zambiri. "Chithunzi cha" n'kosafunika, popeza pulogalamu imanena yokha kuti apa pali chithunzi. Tchulani mtundu wake pokhapokha uli ndi tanthauzo, monga katuni, mapu kapena chojambula pamanja.

Funso lodzifunsa ndi ili: chithunzichi ndachiikiranji pano? Tiyerekeze kuti mwajambula mayi atagwada pa mkeka, akupeta chimanga m'lichero, kumbuyo kwake kuli matumba. Ngati nkhani ndi ya kasungidwe ka zokolola, lembani "Mayi akupeta chimanga m'lichero, matumba osungiramo ataikidwa pa thandala kuti asakhudze pansi". Ngati nkhani ndi ya luso loluka, lembani za licherolo, nsungwi zake ndi kalukidwe ka m'mphepete. Chithunzi n'chimodzi, mawu n'ngosiyana, ndipo onse ndi olondola pa malo ake.

Chithunzi chongokongoletsa, monga kamzere ka maluwa, chipatseni alt yopanda kanthu, yolembedwa alt="", kuti pulogalamu ichidumphe. Kusiyiratu alt n'kosiyana ndi zimenezi. Mukaisiya, mapulogalamu ena amawerenga dzina la fayilo, munthu n'kumamva manambala a kamera opanda mutu. Chithunzi chikakhala batani kapena linki, lembani ntchito yake: kagalasi kokulitsira kaja alt yake ndi "Fufuzani". Tchati cha mitengo kapena cha mvula sichingakwane mu alt. Lembani mfundo yake yaikulu mwachidule, manambala onse muwaike m'tebulo pansi pake.

Chimene chimatipweteka mtima kwambiri ndi zidziwitso. Chidziwitso cha maliro, cha msonkhano, cha ntchito kapena cha kusefukira kwa madzi chimalembedwa pa pepala, n'kujambulidwa, n'kuponyedwa pa Facebook kapena WhatsApp ngati chithunzi chokha. Kwa munthu wosaona uthenga umenewo sunafike. Mawu onse a pa chithunzicho, tsiku, nthawi, malo, alembedwenso ngati mawu enieni pansi pake. Facebook ili ndi polembera alt, ndipo mukapasiya imadzipekera yokha mawu amene sangadziwe kuti msonkhano wasunthidwa.

FUNSO: Tsamba lathu ndi la Chichewa koma timasakaniza Chingerezi, ndipo ena amalemba Malaŵi, ena Malawi. Kodi zimenezi zimakhudza anthu aulumali? Mkonzi wa kalata ya mpingo, Chipata

YANKHO: Zimawakhudza, abale. Pulogalamu yowerenga mokweza imasankha katchulidwe potengera chizindikiro cha chilankhulo chimene chili m'tsamba. Chizindikiro cha Chichewa ndi Chinyanja ndi ny, ndipo mmisiri amalemba lang="ny" kumayambiriro kwa HTML, kalembedwe kamene masamba a pa intaneti amapangidwira. Imeneyi ndi mfundo 3.1.1. Mawebusaiti ambiri amabwera atalembedwa kale lang="en" ndipo palibe amasintha, motero tsamba limadzinena kuti ndi la Chingerezi pamene lili m'Chichewa. Ngakhale chipangizo cha wowerenga chitakhala chopanda liwu la Chichewa, lembanibe zoona, chifukwa chizindikirocho chimathandizanso mapulogalamu omasulira ndi ofufuzira. Ndime ya Chingerezi ikalowa pakati, iikireni lang="en" payokha, monga ikufunira mfundo 3.1.2. Mayina a anthu ndi malo, mawu a luso ndi mawu amene adalowa kale m'chilankhulo, monga foni, sukulu ndi kompyuta, safuna chizindikiro.

Pa ŵ, sankhani njira imodzi ndipo muilembe m'malangizo anu. Ngati mukuigwiritsa ntchito, ikhale chilembo chenicheni, chimene nambala yake mu Unicode, mndandanda wa zilembo za pa kompyuta, ndi U+0175, ndipo tsamba lisungidwe m'kasungidwe ka zilembo kotchedwa UTF-8. Dziwani kuti pa mawebusaiti ena wofufuza "Malawi" sapeza pamene palembedwa "Malaŵi". Kachizindikiro ka mu ng'ombe, m'mudzi ndi n'chifukwa nakonso kali mitundu iwiri, kowongoka ndi kopindika. Kopindikako kamaonongeka mawu akakoperedwa pakati pa mapulogalamu osagwirizana, ng'ombe n'kusanduka ngâ€™ombe. Woona amalumpha ndi maso, koma womvera amamva zizindikiro zitatu pakati pa liwu. Chichewa chili ndi tizizindikiro timeneti pafupifupi mzere uliwonse, choncho yang'anani tsamba likatuluka.

Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. "Mtengo wa mango" ungakhale wobzala kapena wogulira. Mfundo 3.1.6 imakamba za mawu oterewa, ndipo mankhwala ake apafupi n'kulemba chiganizo chochotsa chikaiko: "mtengo wogulira mango", "mbande ya mtengo wa mango".

Zina n'zazing'ono, tingozidutsa. Chidule chilichonse chilembedwe mokwanira pamalo oyamba. Tsiku lilembedwe 3 Epulo 2025, chifukwa 03/04/2025 ku America amaliwerenga ngati 4 Malichi. Ndalama lembani K5 miliyoni m'malo mwa K5m. Pa hashtag yambani liwu lililonse ndi chilembo chachikulu, #TsikuLaAmayi, kuti pulogalamu idziwe podula. Emoji iliyonse imatchulidwa dzina lake, choncho manja opemphera khumi otsatizana amamveka kakhumi. Zilembo zokongoletsa zimene anthu amakopera pa intaneti kuti dzina lioneke lopendekeka ndi zizindikiro za masamu, ndipo mapulogalamu ena amazidumpha kapena kuzitchula chimodzichimodzi.

FUNSO: Kusukulu adatiphunzitsa kuti kubwereza liwu limodzi ndi umphawi wa mawu. Ndiye pa fomu yathu ndidalemba "Tumizani", pa tsamba lina "Perekani", pena "Malizani". Woyesa webusaiti wati ndalakwitsa. Zoona? Kalaliki, Zomba

YANKHO: Woyesayo akunena zoona, a kalaliki, ngakhale aphunzitsi anunso sadaname. Lamulo lawo ndi la chimangirizo ndi ndakatulo. Pa fomu ndi pa malangizo, liwu likasintha owerenga amaganiza kuti chinthunso chasintha. Mfundo 3.2.4, ya gawo AA, imafuna kuti zinthu zogwira ntchito imodzi zizitchedwa mofanana pa masamba onse. Munthu wovutika kuwerenga amaloweza maonekedwe a liwu. Wosaona amafufuza batani ndi dzina limene adalimva dzulo. Wolamula kompyuta ndi mawu amatchula dzina lolembedwa pa batani. Onsewa mukawasinthira liwu mwawasocheretsa. Konzani kamndandanda ka mawu a pa webusaiti yanu, ngakhale makumi awiri okha: lowani, tulukani, tumizani, sungani, fufutani, bwererani, pitirizani, mawu achinsinsi. Aliyense wolemba azitsatira kameneko. Samalani kwambiri ndi "fufutani" ndi "fufuzani", amene amasiyana chilembo chimodzi koma wina amaononga. Pa batani lochotsa zinthu, "Chotsani" n'lotetezeka.

Mauthenga a zolakwika ndi pamene fomu zambiri zimagwera. Bokosi kungofiira n'kosakwanira, ndipo "Mwalakwitsa" sikuthandiza. Mfundo 3.3.1 imafuna kuti malo olakwikawo atchulidwe m'mawu, ndipo 3.3.3 imafuna kuti munene kakonzedwe kake ngati mukukadziwa. Lembani motere: "Nambala ya foni yaperewera. Ikhale ya manambala 10, kuyamba ndi 0." Ndipo lamulo limenelo liikidwe pafupi ndi bokosi munthu asanayambe kulemba. Dzina la bokosi likhale kunja kwake, losasowa. Mawu otuwa a m'kati mwa bokosi amazimiririka munthu akangoyamba kulemba, woiwala msanga n'kutsala osadziwa amafunsidwa chiyani.

Pa kuzama kwa chilankhulo, mfundo 3.1.5 imati mawu akafuna luso lowerenga lopitirira zaka zisanu ndi zinayi za sukulu, paperekedwe chidule kapena njira ina yosavuta. Ku Malawi, kumene pulayimale ndi zaka 8, malire amenewo ndi kumapeto kwa Fomu 1. Zida zoyezera kuvuta kwa mawu zimene zili mu Microsoft Word ndi zina zidapangidwira Chingerezi, zimawerenga maphatikizo a liwu, choncho "sindidzakutumiziraninso" zimaliona ngati liwu lovuta pamene mwana aliyense amalimva. Musazidalire pa Chichewa. Mupatseni wophunzira wa Fomu 1 awerenge, kenako akuuzeni m'mawu ake zimene fomu ikufuna. Chiganizo chilichonse chinyamule mfundo imodzi, wochita atchulidwe, ndipo mikuluwiko muisungire nkhani zina. Peweraninso mawu akuti "ingodinani" ndi "n'zosavuta", chifukwa amene zamuvuta amadziona ngati wopepera.

Mitu ya ndime inene zimene zili pansi pake, "Ndalama zolipira" osati "Zina zofunika", ndipo ikhale mitu yeniyeni ya HTML. Mawu ongonenepetsedwa pulogalamu siwadziwa kuti ndi mutu, pamene ogwiritsa ntchito NVDA amadumpha kuchoka pa mutu kupita pa wina ndi batani la H.

Mukamaliza, imvereni fomuyo nokha. Pa foni ya Android pitani ku Settings, kenako Accessibility, muyatse TalkBack, pulogalamu yowerenga mokweza. Pa iPhone dzina lake ndi VoiceOver. Ikayaka, foni imasintha kagwiridwe: kukhwekhwereza chala kumanja kumakupititsani pa chinthu chotsatira, ndipo kugogoda kawiri ndiko kutsegula. Yambani mwaphunzira kuizimitsa musanapite patali. Kenako tembenuzani nkhope, mudzaze fomu yonse kuyambira dzina mpaka batani lomaliza, mulakwitse dala nambala ya foni kuti mumve uthenga umene utuluke. Paliponse pamene mwakakamizika kusuzumira pa sikirini, lembani malowo pa pepala, mukawakonze, ndipo ulendo wachiwiri mupemphe munthu amene amagwiritsa ntchito TalkBack tsiku ndi tsiku kuti ayese, mumulipire nthawi yake.